Mwana amene ali pa ma ARV afuna khomo limodzi, osati kusinthanasinthana

Maliro akatha, amayi akutsuka mapoto ndipo anyamata akubweza mabenchi ku tchalitchi, abale amakhala pansi kugawana zotsala. Wailesi imapeza mwini msanga, matiresi chimodzimodzi. Ana nawonso amagawidwa: wamkulu apite kwa amalume ku Bangwe, wamkazi atengedwe ndi azakhali a ku Chirimba poti angathandize ntchito zapakhomo. Ndiye pamatsala wamng'ono uja, amene aliyense akudziwa kuti mayi ake ankamutengera mabotolo kuchipatala. Apa anthu amayamba kuyang'ana pansi. Mapeto ake amamvana kuti azisinthana: miyezi itatu kuno, holide kwa agogo ku Thyolo, zinazo tiona kutsogolo.

Chigamulo chotere chimamveka ngati chilungamo chifukwa palibe amene wasenza mtolo yekha. Koma kwa mwana amene ali ndi kachirombo ka HIV ndicho choopsa kuposa zonse. Masiku ano chimene chikupha ana otere si kusowa kwa mankhwala, pakuti ma ARV alipo ndipo ndi aulere m'zipatala zaboma. Chikuwapha ndi kuduladula: botolo latsala ku Ndirande mwana ali ku Lunzu, tsiku lopita kuchipatala lapita popanda woliwerenga, kabuku ka kuchipatala kasowa, ndipo wolera watsopano sanauzidwe n'komwe kuti mapiritsiwo ndi achiyani. N'chifukwa chake ndikunena kuti banja limodzi limutenge mwanayo kotheratu, mwalamulo, likudziwa zonse. Ndipo mabanja amene akufuna mwana woti alere asamatembenuke pakhomo akangomva mawu akuti HIV.

Mantha amene anthu ali nawo ali ndi pochokera, sitingawanyoze. Amene anaona zaka za m'ma 1990 amakumbukira timabokosi ting'onoting'ono. Popanda mankhwala, mwa ana atatu obadwa ndi kachirombo mmodzi amamwalira asanakwanitse chaka, ndipo theka la iwo safika zaka ziwiri. Koma zimenezo ndi za mwana wosamwa mankhwala. Dziko lino linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo mu 2011 linakhala loyamba padziko lonse kuika amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachirombo pa mankhwala a moyo wonse. Ana amene anayamba mankhwala m'zaka zoyambazo lero ndi akuluakulu, ena ali pantchito, ena abereka ana opanda kachirombo. Amene akukana mwana ponena kuti "sakhalitsa ameneyu" akulankhula za Malawi amene anapita kale.

Mantha achiwiri ndi akuti apatsira ana ena pakhomo. Kachiromboka sikayenda m'mbale ya nsima, m'kapu, pamphasa, m'bafa, m'chimbudzi, m'malovu kapena mwa udzudzu. Chosamala ndi magazi basi, ndipo kasamalidwe kake ndi kofanana ndi ka mwana wina aliyense: lezala, singano ndi mswachi aliyense akhale ndi zake. Akadzicheka, valani magolovesi kapena jumbo yoyera kumanja, tsukani bala ndi sopo, mangani. Magazi akagwera pansi thirani Jik wosakaniza ndi madzi, kapu imodzi ya Jik ku makapu 6 a madzi. Wina akabayidwa ndi singano kapena kuchekedwa ndi lezala ya magazi a mwanayo, apite kuchipatala tsiku lomwelo, pasanathe maola 72, akalandire PEP, mankhwala oteteza kuti asatenge kachirombo. Chimodzi chimene ambiri sadziwa: mayi amene alibe kachirombo asayamwitse khanda limene lili nako, chifukwa khanda lokhala ndi zilonda m'kamwa lingathe kupatsira woyamwitsa. Pamenepo kambiranani ndi achipatala za mkaka wina.

Ngati mwana ndi wakhanda, musathamangire kunena kuti ali ndi kachirombo chifukwa choti mayi ake anali nako. Ambiri mwa ana obadwa kwa amayi otere alibe. Kuyeza kwa pachala kuja kumaona chitetezo chimene thupi lapanga, ndipo khanda limakhala ndi chitetezo cha mayi ake mpaka miyezi 18. Choncho pa masabata 6 amatenga timadontho ta magazi papepala n'kukayeza mwa njira ya DNA-PCR, yomwe imaona kachirombo kenikeniko. Amayezanso pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Mwana amene mwamulandira wopanda mbiri iliyonse, kaya ndi wamkulu kale, kamuyezetseni sabata yoyamba yomweyo. Alipo ana amene amafika zaka 8 kapena 10 osadziwika, akungoonedwa ngati odwaladwala, opinimbira, otuluka mafinya m'khutu chaka ndi chaka.

Tsopano za lamulo, zomwe ambiri amaziona ngati zachizungu. Akuti, ife mwana wa mchemwali wako ndi wako kale, khoti likudzatani? Zoona, kulerana pachibale ndi chuma chathu ndipo palibe amene akufuna kukuthetsa. Koma taganizani za mwana amene mwamulera zaka 6, mwamudzutsa ku matenda, wanenepa, ali Sitandade 3, kenako akuchimuna atulukira n'kunena kuti akumufuna, kapena mwinimbumba walamula kuti abwerere kumudzi. Mulibe pepala lililonse. Mwana amapita, ndipo nthawi zambiri mankhwala satsagana naye. Taganizaninso inu mutamwalira lero: mwana amene sanalembedwe kuti ndi wanu amakhala woyamba kukankhidwira kunja pogawa katundu.

Njira zilipo ziwiri, ndipo zonse zimayambira ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Blantyre. Yoyamba ndi kulera mwana moyang'aniridwa ndi ofesiyo, malinga ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Mumalembetsa, amabwera kudzaona pakhomo panu, ndipo mwana amakhala m'manja mwanu koma sanasanduke wanu kotheratu. Yachiwiri ndi kumutenga kukhala mwana wanu kudzera kukhoti, malinga ndi lamulo la Adoption of Children Act. Wopempha akhale wa zaka 25 kapena kuposa, ndipo apose mwanayo ndi zaka 21, ngakhale khoti lingathe kufewetsa za kusiyana zakazi ngati muli pachibale. Mwamuna yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha pakhale zifukwa zapadera. Pamafunika chilolezo cha kholo limene lili moyo kapena amene akuyang'anira mwanayo, ndipo khoti limasankha munthu woimira mwana, kawirikawiri wa ku Social Welfare, kuti afufuze ndi kulemba lipoti. Sonkhanitsani msanga chiphaso cha kubadwa cha ku NRB, ofesi ya boma yolembetsa nzika, umboni wa imfa ya makolo, kalata ya amfumu, ndi ziphaso zanu. Kuno kwathu kumene mwana amawerengedwa kuchikazi, musalumphe amalume ake. Akhalepo pokambirana ndipo mawu awo alembedwe, chifukwa milandu yambiri imabuka pamene wina akuti sanafunsidwe. Ndipo musapereke ndalama kwa aliyense kuti akupatseni mwana. Lamulo limaletsa, ndipo mungapezeke mukuyankha mlandu wogulitsa anthu.

Pano ndili ndi dandaulo kwa amene amasunga ana ndi amene amawapereka. Kubisira banja lolera kuti mwana ali ndi kachirombo, poopa kuti limukana, ndi kumupha mwanayo pang'onopang'ono. Amene wavomera kulera auzidwe zonse asanamutenge, ndipo akane ngati sangathe. Kukanidwa lero n'kwabwino kusiyana ndi kubwezedwa patatha miyezi 6, mankhwala atadumphidwa ndipo mtima wa mwana utasweka kachiwiri.

Tsiku lotenga mwana, chikwama cha zovala si chofunika kwambiri. Funsani kabuku ka kuchipatala, mabotolo onse amene alipo ngakhale otha, nambala yake ya ku ma ARV, ndi tsiku lobwerera. Pitani limodzi ndi amene ankamusamala ku chipatala chimene ankalandirako, mukalembedwe kuti wolera tsopano ndinu, ndipo ngati n'kutali mupemphe kalata ya transifa. Mzinda uno wa Blantyre malo olandirirako ma ARV ndi ambiri: Umodzi Family Centre ku Queen Elizabeth, DREAM ku Mandala, Mlambe ku Lunzu, ndi zipatala zazing'ono za ku Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi South Lunzu. Sankhani chapafupi. Ambiri amasankha chakutali pothawa maso a aneba, koma mwezi umene ndalama ya minibasi yasowa, manyazi aja amasanduka sabata ziwiri zopanda mankhwala. Cholakwa china chachikulu ndi kukayamba ngati watsopano kuchipatala china osatchula kuti mwanayo anamwapo kale mankhwala. Dokotala amafunika kudziwa zimene anamwa kale, ndi nthawi zimene anasiyapo.

Mankhwala enieniwo asintha kwambiri. Amene analerapo mwana zaka khumi zapitazo amakumbukira mankhwala amadzi owawa ofunika firiji, ndi timibulu timene mwana ankalavula. Lero ana aang'ono amalandira mapiritsi osungunuka m'madzi, a abacavir ndi lamivudine pamodzi ndi dolutegravir, kamodzi patsiku. Mlingo umayendera sikelo, osati zaka. Pa dolutegravir wa 10 mg, mwana wa makilogalamu 3 mpaka pansi pa 6 amamwa theka la piritsi, wa 6 mpaka pansi pa 10 limodzi ndi theka, wa 10 mpaka pansi pa 14 awiri, wa 14 mpaka pansi pa 20 awiri ndi theka. Akafika makilogalamu 20 amasamukira ku piritsi lomeza la 50 mg, ndipo pa 30 amatha kulandira piritsi limodzi lija la akuluakulu. Sindikulemba izi kuti muzisintha nokha mlingo, ayi, zimenezo ndi za achipatala. Ndikulemba kuti muone chifukwa chake mwana ayenera kufika iye mwini kuchipatala kukakwera sikelo, osati kungotuma munthu kukatenga mabotolo. Mwana amene wafika pakhomo podya bwino amanenepa msanga. Amene anabwera ndi makilogalamu 9 angafike 11 m'miyezi yochepa, ndipo ngati akumwabe mlingo wakale ndiye kuti mankhwala akuchepa m'thupi, tizirombo tikupeza mpata.

Kamwedwe ka mapiritsi osungunuka aja n'kotere. Sambani m'manja. Thirani madzi oyera, owiritsa kapena othira Waterguard, masupuni aang'ono awiri kufika anayi m'kakapu. Ponyani mapiritsiwo, gwedezani pang'ono kufikira asungunuke. Mwana amwe nthawi yomweyo, osadikira kupitirira mphindi 30. Pansi pa kakapu pamatsala zoyerayera ngati ufa: amenewo ndi mankhwala, si zinyalala. Thiraninso madzi pang'ono, gwedezani, amwenso. Musasungunulire m'mbale yodzaza phala, chifukwa mwana akasiya theka la phala wasiyanso theka la mankhwala. Akasanza pasanathe mphindi 30, mupatseninso. Mukaiwala n'kukumbukira pasanathe maola 12, mupatseni pomwepo. Akapitirira maola 12, dikirani nthawi yake yamawa ndipo musaphatikize milingo iwiri. Mangirirani nthawi ya mankhwala ku chinthu chimene chimachitika tsiku lililonse, monga kutsuka mano kapena nkhani za pawailesi, ndipo pakhale akuluakulu awiri odziwa kamwetsedwe. Wolera mmodzi akagonekedwa m'chipatala kapena akapita kumaliro ku Mulanje, mankhwala asapite naye.

Pali zinthu zimene zimalimbana ndi dolutegravir. Mankhwala owonjezera magazi a ayironi, a kashiamu, ndi a chilungulira amamugwira m'mimba kuti asalowe bwino m'thupi, choncho ARV amwedwe maola 2 zisanamwedwe zimenezi kapena maola 6 pambuyo pake. Mwana akapezeka ndi TB n'kuyamba mankhwala okhala ndi rifampicin, dolutegravir amamwedwa kawiri patsiku, ndipo ndi udindo wanu kuonetsetsa kuti a ku TB ndi a ku ma ARV akudziwana. Bactrim wa tsiku ndi tsiku musamuone ngati wapadera woti n'kusiya. Amateteza ku chibayo, kutsegula m'mimba, ngakhalenso malungo. Koma mukaona zidzolo thupi lonse, zilonda m'kamwa, maso ofiira kapena achikasu, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chosatha, kutentha thupi kosalekeza, kuonda, kapena mwana kusiya kusewera, ndi zizindikiro zoti akayezedwe TB. Neti agonemo usiku uliwonse, katemera alandire monga achipatala anenera.

Chimene chimakuuzani ngati ntchito ikuyenda si maonekedwe a mwana koma kuyeza kuchuluka kwa tizirombo m'magazi. Amayeza pakatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, kenako pa nthawi zoikika, kosachepera kamodzi pachaka. Zotsatira muzizifunsa, musamangodikira kuuzidwa. Mukaona zilembo zakuti LDL, tizirombo tachepa kufika posaoneka, ndicho cholinga, chija amachitcha Tizirombo Tochepa = Thanzi. Zikafika 1,000 kapena kuposa, si nthawi yokalipira mwana. Nthawi zambiri vuto limakhala kudumphitsa, mlingo wochepa, kapena mwana wamkulu kubisa mapiritsi pansi pa lilime n'kukalavula kuseri. Achipatala amakhala nanu pansi kufufuza chimene chikulakwika, ndipo amayezanso pakatha miyezi itatu.

Za ndalama tisanamizane. Mankhwala ndi aulere koma kulera si kwaulere. Pali thiransipoti, pali tsiku losagwira ntchito, pali chakudya. Komabe mwanayu safuna zakudya za m'mashopu a ku Chichiri. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, Likuni Phala, mazira, usipa, nyemba, masamba, nthochi ndi mapeyala zimakwana, bola adye kangapo patsiku. Wonyentchera kwambiri amalandira chiponde kuchipatala, ndipo chipondecho ndi mankhwala ake, si chogawana ndi ana onse. Ena anafunsa, thandizo la ku America litagwedezeka kumayambiriro kwa 2025, kuti nanga mankhwala akadzatha? Nkhawayo ndi yomveka, ndipo boma liyenera kuika ndalama zake zambiri pa ma ARV m'malo modalira Global Fund ndi abwenzi akunja. Koma yankho lake si kusiya mwana. Mankhwala atati avute, amene angavutike koyamba ndi mwana wopanda munthu womuyenderera.

Namondwe Freddy wa mu March 2023 anatiphunzitsa kanthu ku Chilobwe ndi ku Soche, pamene madzi anakokolola nyumba pamodzi ndi mabotolo ndi timabuku. Jambulani pafoni tsamba la kabuku lomwe lili ndi nambala ndi dzina la mankhwala, tumizani kwa m'bale wodalirika. Kabuku ndi mabotolo zikhale mu jumbo yomanga, pamalo okwera, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Mukakhala paulendo mankhwala n'kutha, chipatala chilichonse chopereka ma ARV chingakupatseni ongogwirizira mukaonetsa kabuku.

Chovuta kwenikweni pa zonsezi si mapiritsi, ndi pakamwa. Mwana amafunsa, "Amayi, bwanji ine ndekha ndimamwa mankhwala, Chisomo samwa?" Ambiri amayankha kuti ndi a chifuwa, a mtima, kapena mavitamini. Bodza limeneli limagula mtendere wa lero n'kugulitsa wa mawa. Mwana amene akuganiza kuti ndi a chifuwa amasiya chifuwa chikatha. Ndipo akadzamva zoona kwa mnzake pamsewu, kapena akadzawerenga yekha dzina la pabotolo pa intaneti, amataya chikhulupiriro mwa inu ndi mwa mankhwala omwe. Kuulula kumayenda pang'onopang'ono. Pa zaka 5 mpaka 7 muuzeni zoona zimene angazimve: m'magazi mwako muli tizirombo timene timafooketsa asilikali a m'thupi, mankhwalawa amatigoneka tulo, ukasiya timadzuka. Pofika zaka 11 mpaka 13, asanathe msinkhu, adziwe dzina lakuti HIV, adziwe kuti anabadwa nako ndipo si mlandu wake, si mlandunso woti aziimba mayi ake. Alangizi kuchipatala amathandiza kukonza mawu, koma wonena akhale inu, pamalo achete, tsiku limene simunakwiye. Mwana wotengedwa ali ndi zoona ziwiri zoti amve, za kumene anachokera ndi za magazi ake. Musamuunjikire zonse tsiku limodzi. Za kumene anachokera ziyambe kale ali wamng'ono.

Akadziwa, mulowetseni ku Teen Club, kumene achinyamata amene ali pa ma ARV amakumana, kawirikawiri Loweruka, kulandira mankhwala ndi kucheza osajomba kusukulu. Zaka za 13 mpaka 19 ndi pamene ambiri amatayirira. Amatopa, amakwiya, amaopa kuti chibwenzi chidziwa, ku sukulu yogonera amaopa kulira kwa botolo m'chikwama. Wolera amene amati wakula, azidzionera yekha, amalakwitsa. Muziwerengabe mapiritsi limodzi, mwaulemu, ndipo mukaona akudzipatula, osadya, kapena akulankhula zofuna kufa, musazitenge mopepuka. Uzani achipatala, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Za kugonana, makondomu ndi kulera mukambe naye poyera nthawi isanathe.

Nanga ena auzidwe? Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo, ndipo limateteza chinsinsi chake. Simukakamizidwa kuuza sukulu yonse, mpingo kapena aneba. Uzani amene akufunika kudziwa kuti mwana asadumphe mankhwala: wosamala wachiwiri pakhomo, agogo amene amapitako pa holide, metironi kapena mphunzitsi mmodzi wodalirika ngati ali ku sukulu yogonera. Nkhaniyi ndi ya mwana, si umboni woti mukaimike kutsogolo kwa mpingo kuti anthu aone ubwino wanu. Mupemphereni ndithu, koma aliyense wonena kuti wachira ataye mabotolo, kaya ndi mneneri kaya ndi sing'anga, musamulole kuyandikira mwanayo. Mankhwala ochiziratu HIV kulibe, ndipo ana amene anasiyitsidwa motero amabwerera kuchipatala atafooka kuposa poyamba.

Kwa abale amene simungathe kumutenga, ntchito ilipo yambiri kopanda kumusamutsa. Amalume alipire minibasi ya tsiku la kuchipatala. Azakhali atumize thumba la chimanga ndi nsinjiro. Agogo amulandire pa holide, koma apite ndi mankhwala okwanira masiku onse ndi ena apadera a sabata imodzi, kabuku kali m'chikwama, ndipo abwerere tsiku lake la kusikelo lisanakwane.